Kukwecha Rimu ya Njinga Popanda Nyimbo Yokonzeratu: N'kuimba Kapena Ndi Misala?

Funso

Ndimakonza njinga pafupi ndi msika ku Ulongwe, ndipo Lamlungu ndimaliza kiyibodi kutchalitchi. Mnzanga wogwira ntchito ku Moatize ananditumizira kanema pa WhatsApp. Muli azungu atatu patebulo: wina akukwecha kathabwa ndi uta, wina akugwedeza masipuling'i, wina wagoneka gitala chagada n'kumaigogoda ndi timisomali. Mawu mulibe, chovinira mulibe, koma anthu ali phee kumvetsera, pomaliza n'kuwomba m'manja. Akuti dzina lake ndi free improvisation. Chodabwitsa n'chakuti ndazikonda, moti madzulo ine ndi anzanga awiri tayamba kuyesera ndi marimu, masipoko ndi zigubu. Amalume akuti tayamba kusuta chamba. Kodi zimenezi ndi nyimbo zoona? Zinachokera kuti? Nanga munthu amaziphunzira bwanji ngati zilibe malamulo?

Wokonza njinga, Ulongwe

Yankho

Achimwene, amalume anuwo musawasungire chakukhosi. Khutu lawo linakulira m'ngoma ya Angoni, m'chintali, m'gule ndi m'kwaya, ndipo zonsezi ngakhale zimasiyana zili ndi chinthu chimodzi chofanana: pansi pake pamakhala kugunda kobwerezabwereza komwe phazi limapondapo. Mukachotsa kugunda kumeneko, n'kuchotsanso mawu ndi kanyimbo koti munthu angakang'ung'uze popita kumunda, khutu lotere limafunsa moona mtima kuti nanga chatsala n'chiyani. Funsolo ndi lomveka ndithu. Pomwe aphonya ndi pa chamba paja.

Inde ndi nyimbo, koma ndikuchenjezeni msanga kuti mwa mitundu yonse ya nyimbo yomwe ndaphunzitsapo, uwu ndi wosavuta kuuyamba komanso wosavuta kwambiri kuuwononga. Pa kiyibodi mukagwira kodi yolakwika, kwaya yonse imakutembenukirani. Pa rimu palibe wokutembenukirani, ndiye munthu angathe kukhala miyezi akungosokosa n'kumadzitcha katswiri. Ndibwereranso pamenepa. Poyamba tisiyanitse zomwe zili zachilendo m'kanema wanuyo ndi zomwe zikungooneka ngati zachilendo.

Zoimbirazo si zachilendo kwa ife ayi. Bangwe ndi thabwa lokulungidwa nsambo, lolowetsedwa m'chitini kapena m'chipanda kuti liwu likule. Kaligo ndi nsambo imodzi yokwechedwa ndi kauta. Ana aamuna ambiri a ku Angónia ndi ku Tsangano anapangapo banjo ya chigubu cha oilo, nsambo zake zosolola m'kebulo ya buleki. Kutsidya kwa malire ku Malawi, gulu la Madalitso Band la ku Lilongwe lazungulira ku Ulaya ndi babatoni wa nsambo imodzi, ndipo Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaliza wake ndi kamtengo dzanja lina, botolo dzanja lina. Ku Kinshasa, Mawangu Mingiedi wa gulu la Konono No.1 anakuza liwu la malikembe ndi maginito ochotsa m'magalimoto akufa. Ngakhale belu la kusukulu yomwe munaphunzirako mwina linali rimu ya galimoto yopachikidwa pamtengo. Choimbira chimatchedwa chachilendo kumene anthu anazolowera kukagula choimbira kusitolo. Kwathu kuno timayamba kumva kuti chinthu chikulira bwanji, dzina n'kubwera pambuyo.

Palinso nkhani ya kulira konjenjemera. Wopanga kalimba amamangirira zitsekerero za mabotolo kapena tizitsulo kuti pamwamba pa liwu pazimveka kanthu koti zzz. Asena a kumunsi kwa Zambezi amaboola zipanda za valimba n'kumatapo kanembanemba komwe kangaude amakutira mazira ake, masiku ano ena amaikapo kapepala ka pulasitiki. Azungu anatha zaka mazanamazana akuchotsa kulira kotereku kuti liwu la piyano ndi vayolini likhale loyera. Kenako cha m'ma 1940 John Cage wa ku America anayamba kulowetsa masikuluwu, mabawuti ndi mphira pakati pa nsambo za piyano kuti ileke kulira moyera, anthu n'kuti watulukira dziko latsopano. Sindikumunyoza, anali ndi khutu lakuthwa. Ndikungoti chomwe iye anachita kufunafuna, agogo athu anali nacho kale m'chipanda.

Kupeka nyimbo uli mkati moiimba nakonso si kwachilendo. Imani pabwalo pamene Gule Wamkulu watuluka, za kudambwe sindilowamo, ndikunena zomwe aliyense amaona masana. Woliza mbalule maso ake sakhala pang'oma, amakhala pamiyendo ya gule. Gule akathyola sitepe, mbalule iyenera kuthyola nthawi yomweyo, ndipo nthawi zina simungadziwe amene wayamba pa awiriwo. Palibe analemba zimenezo dzulo lake. Koma zindikirani kuti mbalule imatha kuyendayenda chotero chifukwa ng'oma zinazo, monga mpanje, pamodzi ndi manja a amayi, zagwira nthaka osaisiya. Mbalule ikasochera ili ndi kobwerera.

Mukatsika phiri kupita kwa Anyungwe kufupi ndi mzinda wa Tete mupeza nyanga, gule wa zitoliro. Amuna amazungulira bwalo, aliyense ali ndi zitoliro zochepa zomangidwa pamodzi, maseche kumiyendo, ndipo amasinthanitsa kuuzira ndi kutulutsa mawu apakhosi uku akuponda. Andrew Tracey, mwana wa Hugh Tracey yemwe anayambitsa International Library of African Music mu 1954, anafotokoza gule ameneyu mwatsatanetsatane mu 1971. Chomwe ndikufuna muone pa nyanga ndi ichi: palibe munthu mmodzi amene ali ndi nyimbo yonse. Aliyense amaponya liwu lake m'mpata womwe mnzake wasiya, ndipo nyimbo imaoneka pakati pawo. Ndilibe sukulu ina yabwino yokutumizaniko kuposa imeneyo. Kusiyana kwake n'kwakuti woimba nyanga amadziwiratu gawo lake ndi malo ake.

Tsono chachilendo chenicheni m'kanema wanu n'chimodzi chokha. Anthu aja anachotsa nthaka. Palibe mpanje, palibe makodi obwerezabwereza, palibe gawo loloweza, palibe wotsogolera. Chomwe chatsala chowagwirizanitsa ndi kumverana basi. Ndiye mukanena kuti zilibe malamulo, mwalondola theka. Malamulo a pepala palibe, koma mnzanu akatulutsa liwu, liwulo lasanduka lamulo kwa inu: mulitsatire, mulitsutse, mulisiye lokha, kapena mukhale chete. Kusankha pa zinayizi, mphindi iliyonse, ndiwo ntchito yonse.

Za komwe zinachokera, mizu yake ndi iwiri. Muzu woyamba ndi jazz ya anthu akuda a ku America. Pa 21 December 1960 Ornette Coleman anasonkhanitsa oimba asanu ndi atatu, magulu awiri a anthu anayianayi, n'kujambula nyimbo imodzi ya mphindi pafupifupi 37 yomwe mbali yake yaikulu anapeka pomwepo. Chimbalecho anachitcha Free Jazz. Komabe mukachimvetsera, ng'oma ndi mabesi zikuyendetsabe kugunda. Mu 1965 oimba a ku Chicago anapanga bungwe la AACM, ndipo mwa iwo munatuluka Art Ensemble of Chicago, omwe ankadzaza nsanja ndi timabelu, mawezulo, mahutala a njinga ndi tizinthu tina tomwe ankatitcha zoimbira zazing'ono. Hutala ya njinga, achimwene, yomwe ili m'bokosi lanu la zipangizo.

Muzu wachiwiri ndi ku Ulaya, makamaka London cha m'ma 1965. Gulu la AMM linayamba chaka chimenecho ndi Keith Rowe, Eddie Prévost ndi Lou Gare. Rowe ndiye anatchuka ndi kugoneka gitala patebulo n'kumaigwiragwira ndi tizitsulo, masipuling'i, ngakhale kutsegula wailesi kuti zolankhula za mmenemo zilowe m'nyimbo, kotero wogoneka gitala wa m'kanema wanu akuyenda m'mapazi ake. Woliza ng'oma John Stevens anayambitsa Spontaneous Music Ensemble nthawi yomweyo. Ku Germany Peter Brötzmann anajambula Machine Gun mu 1968 ndi anthu asanu ndi atatu, phokoso loti ngakhale ine sindilimvetsera ndisanadye. Ndipo musaganize kuti Africa inali kunja. Gulu la Blue Notes linachoka ku South Africa mu 1964 pothawa tsankho, chifukwa akuda ndi mzungu sankaloledwa kuimba limodzi momasuka, n'kukakhazikika ku London. Louis Moholo, Johnny Dyani, Dudu Pukwana, Mongezi Feza ndi Chris McGregor analowa pakati penipeni pa zimenezi, ndipo oimba a kumeneko sanabise kuti anaphunzira zambiri kwa iwo.

Munthu amene ndikufuna mumudziwe bwino ndi Derek Bailey, wobadwira ku Sheffield mu 1930, yemwe anamwalira mu 2005. Kwa zaka zoposa khumi ankadyera gitala: m'maholo a dansi, m'mawailesi, m'ma studio, kuliza chilichonse chomwe amupatsa. Ankadziwa makodi kuposa inu ndi ine. Kenako anazisiya mwadala n'kuyamba kufufuza zina zonse zomwe gitala ingatulutse. Mu 1970 iye, Evan Parker ndi Tony Oxley anayambitsa kampani yawoyawo yotulutsa zimbale, Incus, poti makampani akuluakulu analibe nazo ntchito. Kuyambira 1977 ankakonza sabata ya Company, kuitana oimba amitundu yosiyanasiyana, ena osadziwana n'komwe, kuwagawa awiriawiri kapena atatuatatu kuti aimbe osakonzekera. Mu 1980 anatulutsa buku la Improvisation, mmene anasiyanitsa kupeka kwa mkati mwa mtundu wina wa nyimbo, monga jazz, flamenco kapena nyimbo za ku India, ndi kupeka kosatsamira mtundu uliwonse. Mbalule yathu ikanagwera m'gulu loyambalo.

Pamenepa ine ndimatsutsana naye pang'ono. Palibe munthu wopanda kwawo. Zaka 60 zapita, ndipo free improvisation ya ku London ili ndi katchulidwe kake komwe mungakazindikire m'masekondi khumi, monga mmene mumazindikirira munthu wa ku Tete akangotsegula pakamwa pamsika wa Ulongwe. Inunso mukadzaimba, chintali ndi kwaya zidzatulukira m'manja mwanu. Musazithamangitse pofuna kumveka ngati azungu a m'kanema. Kuwatsanzira iwo n'kuloweza gawo, komwe ndi chinthu chomwecho chimene mukuti mwasiya.

Kathabwa kokwechedwa ndi uta kaja kakhoza kukhala daxophone, choimbira chomwe Hans Reichel wa ku Germany anapanga m'zaka za m'ma 1980. Ndi kathabwa kopyapyala kosemedwa ngati lilime, komangidwa mbali imodzi pabokosi, ndipo pokwecha amakanikizapo kamtengo kena kozungulira kuti liwu likwere kapena litsike. Kamalira ngati munthu akudandaula, nthawi zina ngati mbuzi. Wa masipuling'i uja akutsata njira ya Hugh Davies wa ku England, amene mu 1968 anamata tizinthu tating'ono m'chikuto cha buku lomaliza la encyclopedia, lolembedwa SHO mpaka ZYG pamsana, choimbiracho n'kutchedwa shozyg. Awiri onsewa anadalira kachipangizo kamodzi, ndipo kameneka ndi komwe kadzasinthe ntchito yanu pamalo okonzera njinga aja.

Ndi maikolofoni yomata, yomwe simamva mawu a mumpweya koma kunjenjemera kwa chinthu chomwe yamatidwapo. Simusowa kuitanitsa ku Maputo. Phwasulani wotchi ya alamu yakufa kapena chidole cholira cha ana, mupezamo kachitsulo kozungulira kopyapyala ngati ndalama, kamtundu wa golide, kokhala ndi choyera pakati. Dzina lake ndi piezo. Abale awiri a ku France, Pierre ndi Jacques Curie, anapeza mu 1880 kuti miyala ina ikafinyidwa imatulutsa magetsi pang'ono, ndipo chaka chotsatira anatsimikiza kuti ikapatsidwa magetsi imanjenjemera. M'wotchi amakapatsa magetsi kuti kalire, inu mukagwiritsa ntchito chobwerera. Wotchererani waya umodzi pachoyeracho, wina pachitsulo cha m'mbali, mbali inayo ya mawaya muikeko pulagi yolowa mu ampulifaya. Powotcherera pachoyera musachedwetse chitsulo chamoto, chifukwa kakhungu kake kamasupuka msanga, ine ndinawononga tingapo ndisanaphunzire. Mukakamata parimu ndi tepi kapena kukapana ndi pegi yoyanikira zovala, mudzamva kuti sipoko yomwe munkaiyesa yosalankhula ili ndi liwu ngati belu la tchalitchi. Sipika yaing'ono yochotsa m'wailesi yakufa nayonso imagwira ntchito ngati maikolofoni mukailumikiza chobwerera, ndipo imakonda mawu okhuthala a chigubu. Voliyumu muziyamba nayo pansi, ndipo sipika ya ampulifaya isakhudze tebulo lomwe pali choimbira, apo ayi mudzamva mluzu woboola makutu.

Zitsulo zili ndi khalidwe lake lomwe opanga valimba amalidziwa ndi manja. Paipi kapena thabwa lomenyedwa limanjenjemera kwambiri pakati ndi kumapeto, koma pali malo awiri omwe sagwedezeka, pa mtunda wa magawo 22 pa 100 a utali wake kuchokera kunsonga iliyonse. Paipi ya masentimita 50 muigwire kapena kuimangirira pa masentimita 11 kuchokera kunsonga, idzalira nthawi yaitali. Mukaigwira pakati idzangoti khwa. N'chifukwa chake matabwa a valimba amaboola ndi kumanga chakumapeto, osati pakati. Yesani ndi paipi ya felemu ya njinga mawa m'mawa. Podula kumbukirani kuti chitsulo chomenya chimakwera msanga: kuti mupeze do wam'mwamba kuchokera pa do wapansi, paipi ya masentimita 50 muifupikitse kufika 35 basi. Mtunda umenewu, wa do wapansi kufika do wam'mwamba, ndiwo okitevu imodzi, ndipo mukaidula pakati yadumpha maokitevu awiri.

Nsambo ndi zitoliro zimatsata lamulo lina, losavuta. Kufupikitsa nsambo ndi theka kumakweza okitevu imodzi, ndipo kuti mukweze okitevu pongokunga muyenera kukoka mphamvu kanayi, n'chifukwa chake nsambo za kebulo zimaduka tikachita dyera. Izi mumazidziwa kale, poti powongola rimu mumakhwakhwaza masipoko n'kumva yomwe yalefuka. Chitoliro cha bango kapena cha paipi ya pulasitiki, chotsekedwa pansi ndi phula, chikakhala cha masentimita 19 ndi theka chimalira pafupi ndi A wa pakati pa kiyibodi yanu, amene kuno timamutcha lá, wonjenjemera ka 440 pa sekondi. Kuchitalikitsa kawiri kumatsitsa okitevu. Ndakupatsani manambalawa osati kuti muchune zonse zifanane ndi kiyibodi ayi. Ndikufuna kuti liwu likakusangalatsani mudziwe chomwe chalipanga, kuti mawa mukalifuna mulipezenso.

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Amasonkhanitsa zinthu makumi awiri patebulo n'kumagwira chilichonse kamodzikamodzi ngati wosankha tomato pamsika. Ine ndikanakonda mutenge rimu imodzi n'kukhala nayo mwezi wathunthu. Imenyeni ndi sipanala, ndi kamtengo, ndi chala. Ikwecheni ndi uta wa nsungwi ndi khonje wopaka utomoni. Izungulitseni sipoko ina ikukhudza. Ipachikeni pachingwe, kenako muigoneke pachigubu, mumve kusiyana. Lefutsani masipoko ena, kungani ena. Ikafika nthawi yoti mnzanu akatulutsa liwu lopyapyala dzanja lanu likudziwa lokha pomwe pali liwu loyankhira popanda kufunafuna, ndiye kuti rimuyo yasanduka choimbira. Isanafike pamenepo ikadali chitsulo chakutha.

Tsopano kuimba pamodzi. John Stevens uja anaphunzitsa anthu wamba kwa zaka zambiri, ndipo zoyeserera zake zinasonkhanitsidwa m'buku la Search and Reflect mu 1985. Ziwiri mwa izo ndimayamba nazo ndi gulu lililonse. Choyamba, aliyense atulutse liwu lalifupi kwambiri lomwe angathe, kadontho chabe, pa nthawi yake, uku akumva madontho a anzake. Chachiwiri ndi chosemphana nacho: aliyense agwire liwu limodzi lalitali mpaka mpweya kapena uta utathe, apume, ayambirenso. Stevens ankanenanso kuti ngati sukumumva mnzako ndiye kuti wakweza kwambiri. Zikuoneka zachibwana, koma yesani mphindi zisanu muone mmene manja amayabwira kufuna kudzionetsa.

Kwa inu atatu ndingawonjeze zanga. Awiri aziimba, wachitatu akhale chete mpaka atamva kuti pakusowekadi chinthu, ndipo akalowa mmodzi wa awiriwo atuluke. Tsiku lina zimitsani nyali muimbe mumdima, chifukwa maso amanama: mumayankha dzanja la mnzanu likukwera m'malo moyankha liwu lomwe latuluka. Tsiku lina gwirizanani kuti kugunda kwa chintali kukangobwera, poti kudzabwera ndithu, mukusunge pang'ono kenako mukusiye kugwe kokha osakutola. Ndipo phunzirani kumaliza. Nyimbo yotereyi imafika pamalo pomwe nonse mumamva kuti yatha, kenako pamapezeka mmodzi wogogodanso kamodzi poopa chete. Ameneyo muzimulipiritsa mtedza.

Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira. Zaka zapitazo ndinatenga ophunzira anga asanu ndi mmodzi kukaonetsa zimenezi pa mwambo wotsekera chaka pasukulu ina mumzinda wa Tete. Tinali ndi makasu akutha, zigubu, mapaipi ndi ma piezo atatu. Tinaikidwa pakati pa kwaya ndi gulu la dansi, masana dzuwa la November likuswa mtengo, makolo ali ndi njala. Anyamata anga poona khamu anachita mantha, ndipo wamantha amakweza. Pasanathe mphindi ziwiri aliyense ankamenya chake osamva mnzake, ana akuseka, ndipo mkulu wina anangopita n'kukazula pulagi. Ndinakwiya sabata yathunthu. Pambuyo pake ndinavomereza kuti anazula pulagi ya phokoso, osati ya nyimbo, komanso kuti wolakwa ndinali ine posankha bwalo. Patapita mwezi tinaimba m'kalasi madzulo, anthu osapitirira khumi ndi asanu atakhala pafupi, titawauza kuti zitenga mphindi khumi zokha. Mayi wina wophika pasukulupo anati zinamukumbutsa usiku wa kumudzi mvula ikamayandikira. Sindinamufunse zambiri, ndinangoona kuti anamvetsera mpaka kumapeto.

Mudzadziwa bwanji kuti mukupita patsogolo poti palibe kodi yolakwika? Jambulani pafoni, mudikire masiku atatu, kenako mumvetsere. Mukamamva, dzifunseni ngati liwu la mnzanu linasintha chomwe inu munachita. Ngati gawo lanu likanakhala chimodzimodzi ngakhale anzanuwo akanapita kwawo, simunaimbe nawo, munangokhala nawo chipinda chimodzi. Onaninso ngati nyimbo zanu zonse zikuyenda njira imodzi, kuyamba pang'onopang'ono, kukwera mpaka phokoso, n'kutsika. Oyamba kumene pafupifupi onse amachita zimenezo, ndipo nyimbo imodzi sachezera gule. Ndivomerezenso kuti ngakhale za akatswiri, zambiri zikajambulidwa zimatopetsa. Bailey mwiniwake ankakayikira phindu la kumvetsera mobwerezabwereza chinthu chomwe chinapekedwa kuti chimveke kamodzi. Kukoma kwake kwambiri kuli pokhala pomwepo, kuona munthu akusankha osadziwa chomwe chikubwera.

Za ndalama ndisakunamizeni, mulibe. Ku Ulaya komweko ambiri oimba zimenezi amadyera uphunzitsi kapena ntchito zina, ndipo omvera awo nthawi zambiri amakwana m'chipinda chimodzi. Njinga musasiye. Kiyibodi musasiyenso, ndipo mudzaona kuti kwaya ikatsika kiyi kapena wotsogolera akadumpha vesi, mukuwapeza msanga kuposa kale, chifukwa khutu lazolowera kutsata munthu m'malo motsata pepala.

Pali malire angapo omwe ndi akwathu kuno, omwe azungu a m'kanema sangakuuzeni. Ng'oma za gule ndi zonse za kumeneko si zoyeserera, zili ndi eni ake, ndipo UNESCO italengeza Gule Wamkulu mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse cha Malawi, Mozambique ndi Zambia sinachotse ulamuliro m'manja mwa mafumu ndi akuluakulu a mwambo. Musatsanzire kulira kwake usiku pofuna kuseketsa. M'mudzi mukagwa maliro, zitsulo zipume. Kutchalitchi musakayese pakati pa mapemphero musanakambe ndi atsogoleri. Ndipo makutu anu muwasamale: chitsulo chomenyedwa pafupi ndi mutu m'kachipinda ka malata chimagonthetsa pang'onopang'ono, ndipo makutu akayamba kulira okha mutamaliza, ndiye kuti mwapyola muyeso.

Amalume musakangane nawo ndi mayina a Bailey ndi Coleman, sakawagwira mtima. Afunseni za bangwe kapena kaligo yemwe anamumva ali mwana, ankalira bwanji, ankamangidwa ndi chiyani, woimbayo ankayamba bwanji nyimbo asanapeze mawu. Anthu a msinkhu wawo ambiri amakumbukira woimba wina woyendayenda amene ankapeka mawu pomwepo poona amene wakhala patsogolo pake. Akayamba kufotokoza, atengereni khasu lakutha lomangidwa pachingwe ndi msomali wa mainchesi sikisi, muwapemphe akuonetseni kugunda kwake. Inu muwayankhe parimu, mwapansipansi, m'mipata yomwe akusiya, ndipo piezo muibise kaye mpaka ulendo wachiwiri.